Mmene mungasiyanitsire mafarao a mzera wa 26 ku Egypt

Yambani ndi mzinda wa Sais, kumene mafumuwa ankalamulira kuyambira mu 664 mpaka mu 525 BC, ndipo lembani mayina asanu ndi limodzi motsatana: Psamtik I, Necho II, Psamtik II, Apries, Amasis II ndi Psamtik III. Anayi oyambawo musavutike nawo, chifukwa ufumu unkachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Necho II mumukumbukire ndi nkhondo ya ku Megiddo ya mu 609 BC, imene inapha mfumu Josiah ya Judah.

Chenjerani mukafika pa Amasis II, pakuti iye sanabadwire m'banja lachifumu, koma anali mkulu wa asilikali amene analanda mpando kwa Apries mu 570 BC. Mwana wake, Psamtik III, analamulira miyezi yochepa chabe mfumu Cambyses II ya ku Persia isanamugonjetse ku Pelusium.

Ana aakazi musawasiye panja, ngakhale ambiri amawaiwala. Mu 656 BC, Psamtik I anatumiza mwana wake wamkazi, Nitocris, ku Thebes, mzinda wa kum'mwera kwa Egypt, kuti akalowe udindo waukulu wachipembedzo wotchedwa mkazi wa mulungu Amun, ndipo mwa njira imeneyi anakhwimitsa ulamuliro wake kum'mwera popanda kukhetsa magazi.