Katoni ya makaseti a bambo: momwe ndinasamutsira nyimbo zake m'foni

Bambo atatisiya, pogawana katundu palibe amene anaiyang'ana kawiri katoni ya makaseti. Achimwene anatenga njinga, achemwali anatenga mbale za m'kabati, ine katoni ija inangondigwera poti ndinali womaliza kutsegula pakamwa. Munali makaseti 63. Ena anali ogula kwa O.G. Issa ku Limbe, okhala ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi aluso ena, pachikuto. Ena bambo ankajambula okha pa wailesi ya MBC, moti nyimbo isanathe mumamva muulutsi akulowerera ndi moni wa omvera. Ndiye panali imodzi yopanda chikuto, yolembedwa ndi bolopeni: kwaya ya kutchalitchi kwathu, 1996. Mayi anaimba nawo mmenemo.

Mng'ono wanga wa ku Johannesburg nditamuuza anangoti, "Achimwene, tayani zimenezo, zonse zili pa YouTube." Ndinafufuza. Za oimba otchuka zina zilipodi. Ya kwaya ija palibe, ndipo singapezekeko pokhapokha wina wa ife ataiikako. Ine sinditsutsana ndi foni, ndimamvera nyimbo pafoni tsiku lililonse m'minibasi popita kuntchito. Koma nyimbo ya m'foni ili ngati ufa wa m'dengu, wodya lero. Kaseti ndi chimanga cha mbewu chija amayi amapachika kudenga la khitchini. Ngati nanunso muli ndi katoni yotere, nayi njira imene ndinayenda.

Musathamangire kuika kaseti mu wailesi. Ine ndinathamanga, ndipo yoyambayo wailesi inaitafuna ndikuona. Yambani mwaiyang'ana pakazenera kake. Mukaona timadontho toyera m'mbali mwa tepi, chimenecho ndi chuku. Ikani padera, chifukwa ikalowa mu wailesi idetsa mkati ndi kupatsira zinzake. Kenako yang'anani kumunsi, pakati penipeni, pamene tepi imaonekera. Kuseri kwake kumakhala kachiguduli kakang'ono komata pa kachitsulo, ndipo ndi kamene kamakanikiza tepi kuti igunde bwino pamutu wowerengera mawu. Pa makaseti akale kamakonda kumatuka. Kakasowa, mawu amamveka ngati woimba ali m'mtsuko. Mukhoza kuchotsa ka pa kaseti ina yosafunika n'kukamata apo ndi kadontho ka guluu, kadontho basi.

Tengani cholembera cha Bic, chija cha makona 6, muchilowetse pabowo n'kupukusa pang'onopang'ono. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi, tinkapulumutsira mabatire. Pano cholinga n'chakuti mumve ndi dzanja ngati tepi ikuyenda momasuka kapena yamatana. Chigoba chikakhala chosweka, makaseti ambiri ali ndi tinazomangira 5. Masulani, musamutsire tepi m'chigoba china. Tepi yoduka kale tinkailumikiza ndi kyutekisi. Ine ndimadula kaseloteyipi kakang'ono n'kumata kuseri, mbali yosagunda mutu, podziwa kuti n'zongoti ndijambule kamodzi, chifukwa guluu wake amadzatuluka pakapita nthawi. Pomaliza thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pa kaseti. Tikathyoka, batani lojambulira silikanikizika, ndipo mwana sangafufute mawu a agogo ake.

Wailesi ya kaseti yoyenda bwino ndiye imavuta kupeza kuposa china chilichonse. Yanga ndinabwereka kwa amalume, ndipo amisiri okonza mawailesi mumsika wa Ndirande anandisinthira lamba wa mkati, amene anali atasungunuka ngati phula. Musanaigwiritse ntchito ipukuteni malo atatu: mutu wonyezimira uja, kachitsulo kozungulira, ndi kagudumu ka labala kamene kamapanikiza tepi pa kachitsuloko. Kulungani thonje kumtengo wa machesi, munyowetse ndi isopropyl alcohol, yemwe okonza mafoni amatsukira zipangizo, mupukute mpaka thonje lisiye kutuluka lofiirira. Dikirani paume. Yeserani kaseti imene simuikonda.

Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, kuyambira pomwe a Philips anatulutsa kaseti mu 1963. Mabatire akafooka liwirolo limatsika, woimba n'kumamveka ngati walawa kachasu. Choncho jambulani wailesi ili pa magetsi kapena pa mabatire atsopano. Laputopu ndiye ndinkaichotsa pa chaja pojambula, chifukwa ikakhala pa chaja pankalowa kaphokoso kong'ung'uza pansi pa nyimbo.

Polumikiza wailesi ndi kompyuta pali msampha umene unandidyera sabata yathunthu. Kuseri kwa wailesi kukakhala mabowo awiri, lofiira ndi loyera, olembedwa Line Out, tengani mawu pamenepo. Pakapanda, gwiritsani ntchito bowo la mahedifoni, la mamilimita 3.5, koma voliyumu ikhale pansi poyamba. Vuto lili ku laputopu. Ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi lokha la mahedifoni ndi maiki, ndipo maikiyo imalandira mbali imodzi ya mawu, komanso imaphulitsa akachuluka. Chofunika ndi kachipangizo ka USB kokhala ndi polowera polembedwa Line In. Pogula onetsetsani mawu amenewo. Tambiri totchipa tili ndi Mic basi.

Pulogalamu imene ndinagwiritsa ntchito ndi Audacity, ndi yaulere. Ikani pa stereo, pa 44100 Hz, muyezo womwewo wa CD. Yambani mwaseweretsa pamene nyimbo yakwera kwambiri, pomwe ng'oma ndi kwaya yonse zalowera pamodzi, n'kumayang'ana timizere tosonyeza kukula kwa mawu. Tizifika cha pa -6, tisagunde kumapeto. Mawu otsika mukhoza kudzawakweza pambuyo pake, koma ophulika sakonzeka. Mukakhutira bwezani kaseti poyamba, dinani kujambula, musiye mbali yonse ithe. Apa palibe chidule: C60 ndi mphindi 30 mbali iliyonse, C90 ndi mphindi 45. Ine ndinkajambula ziwiri usiku uliwonse ana akagona, magetsi akalola.

Kudula nyimbo imodzimodzi muchite mutamaliza. Audacity ili ndi pochotsera kaphokoso ka "sssss" ka kaseti, koma musakomedwe nako. Ulendo woyamba ndinachotsa konse, ndipo kwaya inamveka ngati ikuimbira pansi pa madzi. Chotsani pang'ono, kapena kasiyeni. Khutu limakazolowera nyimbo yoyamba isanathe.

Opanda kompyuta asataye mtima. Kuli mawailesi ena amene amajambula kuchoka pa kaseti kupita mu fulashi. Zikavutitsitsa, ikani foni patsogolo pa sipika, motalikira ngati chikhatho chimodzi, m'chipinda chotseka, usiku. Mudzajambula ndi galu wa aneba yemwe, koma kuli bwino kusiyana n'kudikira mpaka tepi itaola.

Tsopano kasungidwe, pomwe ambiri timagwera. Chojambula choyambacho chisungeni ngati WAV, mtundu wa fayilo wosunga mawu onse osataya kanthu. Imadya malo, pafupifupi 10 MB pa mphindi, kutanthauza kuti C60 yodzaza ndi 600 MB kapena kuposerapo pang'ono. Mukafuna kuchepetsa popanda kutaya kanthu, mtundu wina wotchedwa FLAC umatenga cha m'ma theka. Za m'foni ndiye pangani MP3 kuchokera ku WAV ija. Ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi ndipo pa kasipika ka Bluetooth simungamve kusiyana. Ine ndimakonda 192. Chokhacho musachite ndi kufufuta WAV poti MP3 yatuluka, chifukwa MP3 imataya mbali ina ya mawu ndipo sibwerera. Lembaninso mayina bwinobwino, woimba, chimbale, chaka, ndipo chikuto chijambuleni chithunzi. Foda yodzaza ndi "Track 01" ndi chisa cha njuchi.

Sungani malo awiri osiyana. Ndinaphunzira ndi misozi. Ndinagula fulashi kwa mnyamata wina wa pamsewu, yolembedwa 64 GB, pamtengo wokoma. Ndinathiramo ntchito ya milungu itatu. Mayina a nyimbo ankaoneka onse, koma potsegula theka lake munalibe kanthu. Fulashi zabodza zimanamiza kompyuta za kukula kwake, ndipo zikadzaza zimataya zinthu mwakachetechete. Mwayi wake ma WAV anali akadali mu laputopu. Pano fulashi kapena memole khadi iliyonse yatsopano ndimayamba ndaiyesa ndi kapulogalamu kaulere ka H2testw, kamene kamaidzaza yonse n'kuwerenganso. Chinanso, mawailesi ambiri a m'galimoto ndi masipika akale amawerenga fulashi kapena khadi yofomatidwa mwa FAT32 yokha, pomwe makhadi oposa 32 GB amabwera atafomatidwa mwa mtundu wina, exFAT. Wailesi ikakana fulashi yanu musafulumire kuitukwana, yang'anani zimenezo. Potumizira abale pa WhatsApp, tumizani ngati Document kuti ifike momwe ilili, ndi dzina lake lomwe.

Ma CD savuta. Kompyuta yokhala ndi polowetsera CD imakopera chimbale chonse m'mphindi zochepa. Popukuta yambirani pakati kupita kunja, osati mozungulira, ndipo mbali yolembedwayo muisamale kwambiri, chifukwa nyimbo zili pafupi ndi kumeneko. Ikakalika mozama, zapita. Yambani ndi ma CD obena aja, obiriwira kumunsi. Amenewo amafa msanga, makamaka akakhalitsa padzuwa m'galimoto.

Nanga Spotify, Boomplay ndi anzawo? Spotify inafika ku Malawi mu 2021, ndipo pofuna kudziwa zimene achinyamata atulutsa sabata ino, palibe kaseti ingapikisane nayo. Koma dziwani chimene mwagula. Nyimbo zimene mwatsitsa mu Spotify zimakhala zotsekeredwa momwemo, simungaziike mu fulashi, ndipo mukatha masiku 30 osalowa pa intaneti zimasiya kuseweredwa. Mukasiya kulipira, basi. Kumudzi kwathu, komwe netiweki timaipezera pachulu, memole khadi ndiye mfumu. Ine ndimachita chonchi: zatsopano ndimamvera pa intaneti bandulo ikakhalapo, ndipo chimbale chikandigwira mtima ndimagula kwa mwini wake, kaya ndi CD pakhomo la konsati, kaya ndi fayilo yolipira pafoni. Ndinenenso kuti kukopera kaseti yanu kuti muzimvera pakhomo ndi nkhani ina, kukaipereka kwa obena nyimbo kuti azigulitsa ndi nkhani inanso. Oimba ambiri a m'katoni ya bambo anatisiya, koma ana awo alipo, ndipo COSOMA inakhazikitsidwa mu 1992 kuti thukuta lawo lisamadyedwe ndi ena.

Mukamaliza kujambula, makaseti aja musataye. Aimikeni chilili m'zikuto zawo ngati mabuku, kutali ndi sipika chifukwa maginito ake amafufuta tepi. Asakhale pamwamba pa wadilopu pafupi ndi malata, kutentha kwa mu Okutobala kumawapinda, ndiponso asakhale pansi pa simenti nthawi ya dzinja. Anga ndinawachotsa m'katoni, poti chiswe chinali chitayamba kale ngodya imodzi, n'kuwaika m'chidebe cha pulasitiki chotsekeka.

Ya kwaya ija ndinapita nayo kumudzi pa Khirisimasi, itaikidwa mu memole khadi. Mayi anamvera nyimbo ziwiri ali chete, manja ali pamiyendo. Yachitatu itayamba anaseka n'kunena kuti mnzawo amene anaima kumanzere kwawo anaphonya polowera, ngati momwe ankachitira pa pulakatisi paliponse. Kenako anandifunsa komwe kuli kaseti yeniyeniyo. Nditawapatsa anaikulunga m'kansalu n'kuiika m'chikwama chawo cha Baibulo, ngakhale pakhomopo palibe wailesi yoti n'kuiseweretsa. Kwanga kwatsala makaseti 14 a chuku aja, ndipo amalume ayamba kufunsa za wailesi yawo.