Mukafuna kugula lupanga la masajenti a ku Japan, yambani kuona nambala

Amene mwayamba kumene zotolera malupanga akale a asilikali, ine ndimati yambani ndi Type 95, lupanga lomwe asilikali a ku Japan a maudindo ngati usajenti ankapatsidwa kuyambira mu 1935. Silinali losulidwa pamanja ngati malupanga ena a akuluakulu a asilikali ayi, linkapangidwa ndi makina ku fakitale, ndiye mtengo wake ndi wofikirika pang'ono. Komanso ndi lupanga la adani omwe agogo athu a gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland anakakumana nawo ku Burma mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Koma ma feki ndiye achuluka heavy, makamaka pa intaneti. Choyamba onani nambala. Lenilenilo limakhala ndi nambala yodinda pachitsulo pafupi ndi chigwiriro, ndipo nambala yomweyonso imakhala pakamwa pa chimake. Zikasiyana si kuti ndi feki basi, mwina chimake chinasinthidwa, koma mtengo utsike ndithu. Manambalawo aziima mzere bwinobwino, akakhala okhotakhota ngati wina amakhoma ndi nyundo kuseri kwa nyumba, thawani.

Chigwiriro nthawi zambiri ndi cha aluminiyamu, anachiumba kuti chizioneka ngati chokulungidwa ndi chingwe kenako n'kupaka penti, ndiye pentiyo amayenera kukhala atasuluka malo amene dzanja limagwira, osati wowala paliponse. Zigwiriro zoyambirira zinali za kopa, zakumapeto kwa nkhondo za thabwa chifukwa zitsulo zinali zitasowa. Onaninso tizidindo ta fakitale pa kamphete ka pakati pa chigwiriro ndi chotchinga dzanja, wogulitsa akukana kujambula pamenepo mosabisa ndiye kuti pali nkhani.

Mukaligula chonde musalikwechese ndi sandipepa kapena kulinola, anthu amaononga ndalama zawo pamenepa pofuna liziwala ngati mpeni wa kukhitchini. Kansalu kofewa ndi timadontho ta mafuta a makina osokera zakwana, dzimbiri silibwera. Zala zanu zisakhudze chitsulo, thukuta limasiya zipsera. Chigwiriro musamasule, mkatimo mulibe dzina la wosula.

Amene muli ku UK, malupanga okhota otalika masentimita 50 kapena kuposa analetsedwa mu 2008, koma opangidwa chisanafike chaka cha 1954 amaloledwa, ndiye sungani mapepala ogulira. Kulitumiza kumudzi, yambani mwafunsa a kasitomu musanalipire kalikonse.