Kukonza mafuta odzola kuchokera ku mafuta a ng'ombe

Mafuta oyenera ntchitoyi ndi oyera, olimba aja okuta impso za ng'ombe, chifukwa sanunkha kwambiri. A nkhosa amathekanso koma fungo lake ndi lamphamvu, pomwe a nkhumba ndi ofewa ndipo sachedwa kuwonongeka.

Tengani kilogalamu imodzi. Chotsani tinyama tofiira, timitsempha ndi magazi onse, poti fungo loipa limachokera pamenepo. Dulani tizidutswa ngati nsonga ya chala. Mukayamba mwawaziziritsa mufiriji saterera pampeni. Ikani mupoto wochindikala pansi, thirani makapu awiri a madzi ndi supuni imodzi yaikulu ya mchere, n'kuteleka pamoto wochepa kwa maola awiri kapena atatu. Azingotumphuka pang'onopang'ono, osabwata mwamphamvu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: akasonkhezera moto kuti zifulumire, mafuta amapsa, amada, ndipo fungo la nyama yokazinga silichokanso ngakhale musefe kangati.

Zonse zikasungunuka n'kutsala tizotsalira toyandama, sefani pansalu yoyera mumbale yakuya, ndipo musiye pozizira usiku wonse. M'mawa mupeza chibuma cholimba pamwamba, madzi akuda pansi. Chitembenuzeni, mupale utoto wabulauni uli kunsiko. Chisungunuleninso ndi madzi ena ndi mchere, kawiri kapena katatu, mpaka madzi apansi azituluka oyera. Ulendo womaliza musathire madzi: tenthetsani pamoto wochepa mpaka kuthetheka ndi tithovu zitasiya. Kadontho kamadzi kotsalira n'kokwanira kuchititsa chuku m'botolo lonse.

Paokha mafutawa amauma gwa, savuta kusunga koma amavuta kudzola. Sakanizani magawo anayi a mafuta osungunukawo ndi gawo limodzi la mafuta a maolivi kapena a mpendadzuwa. Akayamba kugwirana, takasani mwamphamvu kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti afewe ndi kuyera. Sungani m'botolo lagalasi louma bwino, lotsekeka, kutali ndi dzuwa, ndipo muzitapa ndi kasupuni kouma m'malo mopisa chala. Akayamba kununkha ngati utoto wakale kapena kuonetsa madontho, tayani.

Musanadzole thupi lonse, pakani pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira masiku awiri. Pakafiira kapena kuyabwa, asiyeni. Dzolani mukangosamba khungu lisanaumiretu, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kutsekera chinyezi chomwe chilipo kale. Kambulu kofanana ndi nsawawa imodzi kakwanira manja onse awiri; pofikisa m'zikhato kamasungunuka kokha. Amathandiza kwambiri pazigongono zotuwa, m'mawondo ndi pazidendene zong'aluka.

Kumaso chenjerani. Ngati khungu lanu ndi lamafuta kale kapena mumatuluka ziphuphu, angatseke timabowo ta khungu n'kuwonjezera vutolo. Musapake pachilonda kapena pamalo ongopsa ndi moto, ndipo sateteza ku dzuwa.