Madzi a njoka yoweta: kuthirira pamwamba sikukwanira

Oweta njoka kuno ku Zomba ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo nkhani imene amaikirapo mtima ndi ya chakudya. Koma njoka yaikulu imatha sabata yathunthu, ngakhale awiri, osadya kanthu ili bwinobwino, pomwe madzi imafunika kukhala nawo usana ndi usiku. Ndiye lero tikambirane za mbale yomwera. Poyamba ndikumbutse kuti nyama zakutchire, monga nsato, zimatetezedwa ndi malamulo a dziko lino, choncho musanasunge njoka iliyonse funsani za chilolezo ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Za mphiri ndi zina zaululu, musayerekeze n'komwe.

Chizolowezi chimene ndikufuna tisiye ndi ichi: madzi akachepa m'mbale, munthu amangothirira ena pamwamba n'kuchokapo. Poyang'ana amaoneka oyera ndithu. Koma yendetsani chala m'kati mwa mbaleyo, mumva kuterera. Kutererako ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene taswana n'kumatirira pambale, ndipo madzi atsopano satichotsa. Njoka simwa kokha m'mbale yake. Imakwawamo ndi thupi limene lagona pa zinyalala, imadzipinda n'kukhala m'madzimo, ndipo kawirikawiri imachitiramo chimbudzi. Ikatero madziwo n'kumamwabe omwewo, musadabwe ikayamba zilonda m'kamwa kapena kudwala m'mimba.

Tsiku lililonse tayani madzi onse, tsukani mbale ndi sopo wotsukira ziwiya ndi madzi otentha, mukhule ndi burashi mpaka kuterera kuthe, mutsukuluze bwino, kenako muthire atsopano. Mukapeza ndowe m'madzi, musadikire mawa. Kamodzi pa sabata viikani mbaleyo m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa Jik pa miyezo 10 ya madzi, kwa mphindi 10. Litsiro ndi sopo ziyambe zachoka, chifukwa Jik sagwira bwino ntchito pa chiwiya chakuda, komanso si wosakaniza ndi mankhwala ena. Tsukuluzani mobwereza mpaka fungo lithe, n'kuyanika padzuwa. Mankhwala okolopera m'nyumba ndi m'zimbudzi, makamaka onunkhira paini, ndi poizoni kwa njoka, asayandikire mbaleyi. Kukhala ndi mbale ziwiri kumathandiza: ina ikuuma, ina ili m'khola.

Tsopano apa mumvetsetse, chifukwa pakukhudza banja lanu. Njoka zambiri, ngakhale zathanzi, zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo, ndipo timatuluka ndi ndowe. Kwa munthu timayambitsa kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo ana osafika zaka 5, agogo, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi n'chochepa ndi amene amavutika nato kwambiri. N'chifukwa chake mbale ya njoka isalowe m'khitchini. Isatsukidwe pa sinki potsukira mbale za nsima, isayanikidwe pa thandala la ziwiya za anthu. Ikhale ndi beseni lake ndi burashi yake, zolembedwa chizindikiro kuti wina asazitengere kosambitsira mwana. Madzi otsukirawo atayidwe m'chimbudzi, osati m'dimba la ndiwo kapena pabwalo posewera ana. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo. Ntchito imeneyi si yotuma mwana wamng'ono, ngakhale atakhala kuti ndiye amaikonda njokayo kuposa onse.

Madzi ake ndi omwe inu mungamwe. A pampope a Southern Region Water Board, ochokera ku damu la Mulunguzi, ndi abwino. Ngati akununkha kwambiri mankhwala, atungeni madzulo agone m'ndowa yoyera yovindikira ndi nsalu. A pamjigo nthawi zambiri alibe vuto. A mu mtsinje, monga Likangala amene amadutsa m'tauni, ayambe awiritsidwa n'kuzizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, m'munsi mwa phirimu madzi a pampope m'mawa amaluma m'manja. Njoka ilibe kutentha kwakekwake m'thupi, imadalira malo amene ili, ndiye asiyeni madziwo akhale m'chipinda kanthawi musanathire. Mu Okutobala, makamaka chakumunsi kulowera ku nyanja ya Chilwa, vuto limatembenuka: madzi amaphwa msanga ndipo amaonongeka msanga, choncho yang'anani m'mawa ndi madzulo.

Mbale ikhale yolemera, yosalala m'kati, yapansi potambalala kuti njoka isaigubuduze, komanso yoti ingakwanemo ikadzipinda. Phale kapena mbale yadothi yosapaka imamwa madzi ndipo sitsukika bwino. Yapulasitiki ikakandika m'kati, itayeni. Thirani madzi osadzaza, pang'ono kupitirira theka, kuti njoka ikalowamo asasefukire, chifukwa pogona ponyowa nthawi yaitali pamawoletsa mamba a kumimba. Mbaleyo iikidwe mbali yozizira ya khola, kutali ndi getsi kapena chotenthetsera.

Musanataye madzi akale, ayang'aneni kaye. Timadontho takuda tonga tsabola wopera pansi pa mbale nthawi zambiri ndi tizilombo toyamwa magazi tonga utitiri wa nkhuku, ndipo njoka imene ili nato imakhalitsa m'madzi pofuna kutimiza. Kukhalitsa m'madzi kumathanso kusonyeza kuti khola latentha kwambiri, kapena kuti yatsala pang'ono kufundula. Pa nthawi yofundulayi maso ake amachita chifunga, siona bwino ndipo imadzidzimuka msanga, ndiye lowetsani dzanja pang'onopang'ono. Ikangodya, ilekeni masiku awiri osainyamula kuopa kuti ingasanze. Tengani mbale yokha mwakachetechete. Mukaona timadontho takuda tija, thovu kukamwa, kapena khungu lakale lokanirira m'maso ndi kumchira, pitani nayo kwa dokotala wa ziweto, musayese mankhwala a utitiri wa agalu kapena nkhuku.

Pobwezera mbale onetsetsani kuti chitseko cha khola chatsekeka ndithu. Njoka zambiri zimathawira pa nthawi yosintha madzi yomweyi, ndipo ikafika pakhomo la aneba sadzafunsa kuti ndi ya yani.