Kuwerengera molarity popanda kuphonya pa malita

Mwa ophunzira a Folomu 4 amene ndimawathandiza Chemistry madzulo kuno ku Area 25, ambiri amaidziwa fomula ya molarity pamtima, koma amaphonya akafika pa malita. Molarity ndi chiwerengero cha ma mole (muyeso wa kuchuluka kwa tizidutswa ta chinthu) a chinthu chimene chasungunuka mu lita imodzi ya solution (madzi pamodzi ndi chinthu chosungunukacho), ndipo timailemba kuti mol/L kapena mol/dm³, popeza dm³ imodzi ndi lita imodzi.

Titenge mchere wothira m'ndiwo, sodium chloride. Pa periodic table kulemera kwa atomu (relative atomic mass) ya sodium ndi 23, kwa chlorine ndi 35.5, ndipo mukawonkhetsa mupeza 58.5, kutanthauza kuti mole imodzi ya mchere imalemera magalamu 58.5. Ngati mwayeza magalamu 5.85 pa sikelo, gawani 5.85 ndi 58.5, ndipo mupeza ma mole 0.1.

Apa mpamene pafunika kudekha. Tinene kuti solution yanu ndi mamililita 250. Wopupuluma amagawa 0.1 ndi 250, n'kupeza 0.0004, yankho limene pa mayeso a MSCE limamutayitsa malikisi ngakhale njira yonse anailondola. Yambani mwasandutsa mamililitawo kukhala malita powagawa ndi 1,000, ndipo mupeza 0.25. Mukagawa 0.1 ndi 0.25, molarity yake ndi 0.4 mol/L.

Chinanso chimene ndimalimbikira kwambiri ndi chakuti malita amenewa ndi a solution yonse, osati a madzi amene munatunga. Choncho mu labotale musayambe mwayeza madzi okwana mamililita 250 kenaka n'kuthiramo mchere. Sungunulani mcherewo mu bika ndi madzi ochepa a distilled, osati a pampopi, chifukwa a pampopi amakhala kale ndi zina zosungunuka. Tsanulirani mu volumetric flask (botolo la khosi lalitali lokhala ndi mzere wosonyeza mamililita 250), tsukuluzani bikayo kawiri kapena katatu ndi kuthira madzi otsukuluzirawo momwemo, kuti mchere usatsalire m'mbali. Mukayandikira mzere wa pakhosi pa flask, weramani kuti diso lilingane ndi mzerewo, ndipo onjezani madzi dontho limodzilimodzi mpaka kunsi kwa kupindika kwa pamwamba pa madziwo kukhudze mzere. Mukapyola, palibe kupungula, yambaninso.

Kuti muzolowere, werengerani dripu ya normal saline imene amaika odwala ku chipatala cha Kamuzu Central. Pathumba lake palembedwa 0.9%, ndiko kuti magalamu 9 a mchere mu lita imodzi. Gawani 9 ndi 58.5, ndipo muyenera kupeza pafupifupi 0.154 mol/L.