Mathithi a Tugela kuchokera ku Joni: sankhani khomo musananyamuke

Ambiri amene amapita ku Royal Natal National Park, ku South Africa, kukaona mathithi a Tugela amabwerako atawaonera patali, ngati kachingwe koyera pakhoma la thanthwe, chifukwa sanadziwe kuti mathithiwa ali ndi makomo awiri otalikirana. Madzi ake amagwa mamita 948 kuchoka pamwamba pa khoma la Amphitheatre, ndipo mukhoza kuwaona muli kumunsi kapena mutaimirira pamene akugwera. Kuchoka pakhomo lina kufika linalo ndi ulendo wa pagalimoto wopitirira ola limodzi ndi theka, ndiye musaganize zochita zonse tsiku limodzi.

Kuchokera ku Johannesburg, gwirani N3 mpaka Harrismith, maola pafupifupi atatu. Panjira pali mageti olipira awiri, De Hoek ndi Wilge. Thirani mafuta ku Harrismith, ndipo pasipoti ndi mapepala anu zikhale m'chikwama, osati kunyumba.

Ofuna kumunsi apitirire pa R712 ndi R74, kudutsa damu la Sterkfontein ndi kutsika Oliviershoek Pass. Damuli ndi lalikulu moti wobadwira ku Salima akhoza kukumbukira nyanja ya kwawo, koma madzi ake ndi ozizira zedi. Mukalowa m'paki, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe losamalira zachilengedwe la Ezemvelo KZN Wildlife, mutha kugona m'tenti ku Mahai kapena m'nyumba ku Thendele. Sungitsani malo msanga ngati ndi December kapena Pasaka. Njira yapansi ya m'chigwa cha Tugela Gorge ndi makilomita pafupifupi 14 kupita ndi kubwera. Koyambirira n'kosavuta, koma kumapeto mumadumpha miyala ndi kuwoloka mtsinje kangapo. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amakwera mwadzidzidzi m'chigwa chopapatizacho ngakhale pamene muli pakuwala dzuwa. Mukaona madzi ayamba kuda, bwererani. Amene ali ndi ana aang'ono angopita ku timathithi ta Cascades, pafupi ndi Mahai.

Kumtunda n'kumene kuli nkhani. Kuchokera ku Harrismith, mumadzera ku Phuthaditjhaba mpaka ku malo ogona alendo a Witsieshoek, kenako ku Sentinel, poimika magalimoto. Makilomita omaliza a msewu umenewu ndi oipa. Kagalimoto kotsika kamagunditsa mimba pamiyala, bola kukasiya ku Witsieshoek n'kulipira galimoto yawo yonyamula anthu. Lembani dzina m'buku la okwera phiri, ndipo pobwerera musaiwale kusaina kuti mwatsika, apo ayi anthu adzakufunafunani usiku inu muli mtulo.

Yambani kuyenda isanakwane 7 koloko m'mawa. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 12, maola asanu kapena asanu ndi awiri malingana ndi miyendo. Mumayambira pamtunda wa mamita pafupifupi 2,500 n'kukafika cha m'ma 3,000, ngati pa Sapitwa ku Mulanje, choncho befu amabwera msanga ngakhale kwa anyamata a mpira. Chimene chimabweza anthu ambiri ndi makwerero atcheni, awiri otsatizana pathanthwe loongoka. Amagwedera, ndipo chitsulo chimazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Kwerani mmodzimmodzi, manja onse ali opanda kanthu, foni ili m'chikwama, maso pa sitepe yotsatira. Ochita chizungulire ali ndi njira ina ya m'khwawa lamiyala, koma ndi yotsetsereka ndipo miyala yake imagumuka. Musakhale pansi penipeni pa mnzanu.

Nyengo ndiye mwini ulendo. Mathithi amadzaza m'dzinja, kuyambira November mpaka March, koma ndi nthawi yomweyo imene mabingu ndi mphezi zimayamba masana, ndipo makwerero achitsulo si malo okhalapo kukung'anima. Pofika 12 koloko muzikhala mwayamba kutsika. June ndi July kumakhala kowala bwino, koma madzi amachepa, mwinanso kuundana. March ndi April ndi pakatikati pabwino. Chifunga chikatseka ngati chiperoni, khalani pomwe mulipo mpaka chichoke, chifukwa pamwambapo ndi pathyathyathya ndipo phompho silioneka mpaka mutalifika.

Aliyense atenge madzi malita awiri, jekete yamvula, juzi yofunda ngakhale m'January, tochi, ndi nsapato zogwira pansi, osati masilipasi. Chakudya chibisike mukakhala ku Mahai. Anyani akumeneko amadziwa kutsegula chikwama.