Mmene ndinathetsera ndere mu thanki ya nsomba ya malita 60

Madzi anachita kubiriwira, galasi lonse ndere zokhazokha. Ndere zimakula ndi kuwala komanso zotsalira za chakudya. Nyali inkayaka maola 12, nitrate (mchere wochokera ku zinyalala za nsomba, umene umadyetsa ndere) itapitirira 40 ppm (mamiligalamu 40 pa lita imodzi ya madzi).

Ndinaphimba thanki ndi bulangete masiku 3, pampu ya mpweya ikugwirabe ntchito. Kenako nyali ndinaiika pa taima (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake), maola 7 okha patsiku. Sabata iliyonse ndimachotsa madzi malita 18 n'kuthiramo atsopano, ndikukoka ndi paipi zinyalala zobisala m'miyala. Chakudya n'choti nsomba zimalize m'mphindi 2.

Fyuluta (chosefera madzi) nayo inali yofooka, malita 120 pa ola. Yoyenera izizungulitsa madzi onse kanayi kapena kasanu pa ola, ndiye ndinaika ya malita 300. Siponji yakale ndinaisamutsira momwemo, chifukwa mabakiteriya osandutsa amoniya (poizoni wochokera ku zinyalala za nsomba) kukhala nitrate amakhala m'menemo. Siponjiyo musaitsukire pampopi ayi, klorini ya m'madzi a pampopi imapha mabakiteriyawo. Muziifinya m'madzi ochokera mu thankimo kamodzi pamwezi. Koma dziwani kuti fyuluta yotere sichotsa nitrate, kusintha madzi ndiko kumachotsa.

Mankhwala opha ndere sindinawagwiritse ntchito: ndere zikafa zimawola n'kudyetsa zinzake. Patatha masabata atatu nitrate inatsika kufika 15 ppm, madzi ali mbee.